Kukwera mtengo kwa siliva kwadzutsa mafunso pa makobidi achikumbutso

M'mwezi wa Okutobala chaka cha 2025, unduna wa zachuma m'dziko la Germany udalengeza kuti wayamba waimitsa ntchito yotulutsa makobidi awiri a siliva achikumbutso omwe anthu ankawadikira. Limodzi lidali la mayuro 25 la nyengo ya Khirisimasi, ndipo linalo lidali la mayuro 20 lokumbukira kuti sitima yoyenda cholendewera ya mumzinda wa Wuppertal yakwanitsa zaka 125. Chomwe chidachititsa ndi chakuti siliva wopezeka m'khobidi lililonse adafika podula kuposa ndalama yolembedwa pakhobidilo. Boma likadagulitsa makobidiwo pamtengo wolembedwawo, likadakhala likupereka chuma cha dziko kwa aliyense wofuna kukawasungunula kuti apeze phindu.

Izi sizidali zachilendo m'dzikolo. M'chaka cha 2011, siliva atakweranso mtengo, boma la Germany lidachepetsa siliva m'makobidi ake a mayuro 10, ndipo pambuyo pake lidamuchotseratu m'makobidi ogulitsidwa pamtengo wolembedwa. Ulendo uno, kumapeto kwa 2025, lidaganiza zokweza ndalama yolembedwa pamakobidiwa, kuchoka pa mayuro 20 kufika pa 35 komanso kuchoka pa 25 kufika pa 50.

Nkhaniyi ikukhudza mabanki aakulu, nyumba zosungiramo zinthu zakale, maofesi a boma omwe amalandira makobidi otere ngati mphatso, komanso mabanja omwe adasiyiridwa makobidi ndi makolo awo koma sadziwa kuti ndi amtengo wotani.

Chomwe chidakweza mtengo

Siliva amagulitsidwa poyesa ndi muyeso wotchedwa aunsi, womwe pamalonda a miyala yamtengo wapatali ndi magalamu 31.1. Kumayambiriro kwa 2025 aunsi imodzi inkagulidwa pamtengo wosafika madola 30 a ku America. M'mwezi wa Okutobala mtengowu udapitirira madola 50, malire omwe udalephera kuwadumpha mu Januwale 1980 ndi mu Epulo 2011, ndipo chakacho chidatha mtengo utadutsa madola 70.

Zifukwa zake n'zingapo. Kusiyana ndi golide, yemwe wambiri amangosungidwa kapena kuvalidwa, siliva woposa theka amathera m'mafakitale chifukwa palibe chitsulo china chomwe chimadutsitsa magetsi bwino kumuposa. Amalowa m'zipangizo zokolera mphamvu ya dzuwa, m'galimoto zoyendera magetsi, m'mafoni ndi m'makompyuta. Bungwe la Silver Institute, lomwe limatsata malondawa, lidanena kuti kuyambira 2021 mpaka 2025 chaka chilichonse siliva wofunika pamsika ankachuluka kuposa yemwe ankapezeka.

Migodi nayo siingathe kuwonjezera siliva mwamsanga. Wambiri amapezeka ngati chotsalira pokumba mtovu, zinki, mkuwa ndi golide, kotero mwini mgodi wa mkuwa sangakumbe kwambiri kaamba koti siliva wakwera mtengo. Maiko a Mexico, China ndi Peru ndiwo amatsogola pa ntchitoyi. Mu Novembala 2025 boma la America lidaika siliva pamndandanda wa miyala yomwe likuiona kuti ndi yofunika kwambiri pachuma ndi chitetezo cha dzikolo, zomwe zidawonjezera chidwi cha ogula.

M'mene siliva adachokera m'thumba la munthu wamba

Kale siliva sadali wachikumbutso, adali ndalama yogulira mchere ndi nsalu. Mpaka 1919 makobidi a ku Britain monga tiki, sikisipensi ndi shilingi ankakhala ndi magawo 925 a siliva pa magawo 1,000 alionse. Kuyambira 1920 siliva adachepetsedwa kufika pa theka, ndipo mu 1947 adachotsedwa kotheratu, m'malo mwake mudalowa mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Makobidi a Southern Rhodesia, omwe adayamba kusulidwa mu 1932 ndipo ankagwiranso ntchito ku Nyasaland, adatsata njira yomweyo. Dziko la America lidachotsa siliva m'makobidi a masenti 10 ndi 25 mu 1965.

Ponseponse chomwe chidachitika n'chimodzi. Chitsulo chikadula kuposa ndalama yolembedwa, anthu amabisa makobidi abwino n'kumagulira zinthu ndi opanda siliva, ndipo obisidwawo amathera mung'anjo. Pamene dziko la Malawi linkatulutsa makobidi ake oyamba mu 1964, okhala ndi tambala, chimanga ndi njovu, nthawi ya siliva idali itatha kale ndipo m'makobidiwo mudalibe siliva. Ndalama ya kwacha, yomwe idalowa m'malo mwa paundi mu 1971, nayonso siidakhalepo ndi khobidi la siliva logulira zinthu pamsika.

Siliva atachoka m'malonda a tsiku ndi tsiku, adabwerera kudzera m'makobidi omwe maboma amasula mwapadera pofuna kukumbukira chochitika, kulemekeza munthu kapena kupeza ndalama.

Mitundu ya makobidi

Makobidiwa amagawika m'magulu akuluakulu awiri, ndipo wosadziwa kusiyana kwake ndiye amagula modula kapena kugulitsa motchipa.

Gulu loyamba ndi la makobidi osulidwa ochuluka kuti anthu asungiremo chuma. Mtengo wake umatsata mtengo wa siliva tsiku ndi tsiku, n'kuwonjezerapo pang'ono za osula ndi ogulitsa. Odziwika kwambiri ndi American Silver Eagle lomwe lidayamba mu 1986, Maple Leaf la ku Canada la 1988, Kookaburra la ku Australia la 1990, Britannia la ku Britain la 1997 ndi Philharmonic la ku Austria la 2008. Dziko la South Africa lidatulutsa Krugerrand la siliva mu 2017, pokumbukira zaka 50 chiyambireni Krugerrand la golide. Ambiri mwa makobidiwa amalemera aunsi imodzi ndipo siliva wake ndi wa magawo 999 pa 1,000. M'chaka cha 2015 chokha, makobidi a Silver Eagle okwana 47 miliyoni adagulitsidwa.

Gulu lachiwiri ndi la makobidi osulidwa ochepa, okonzedwera osonkhanitsa. Ambiri amakhala a mtundu womwe amalonda amautcha proof: chitsulo chimapukutidwa chisanadindidwe, chidindo nachonso chimapukutidwa, ndipo khobidi limadindidwa kawiri kapena kuposerapo, kotero kuti pamalo opanda chithunzi pamawala ngati kalilole pomwe chithunzicho chimaoneka choyererako. Makobidi otere amagulitsidwa ali m'kabokosi pamodzi ndi chikalata chosonyeza kulemera kwake, kuchuluka kwa siliva ndi chiwerengero cha omwe adasulidwa.

Khobidi la Panda la ku China lili pakati pa magulu awiriwa. La siliva lidayamba kutuluka mu 1983, ndipo pafupifupi chaka chilichonse chithunzi cha nyamayo chimasintha, pomwe mbali inayo imakhalabe ndi nyumba yotchuka ya Temple of Heaven ya ku Beijing. Chifukwa choti makobidiwa ankasulidwa m'mafakitale osiyana, ku Shanghai, Shenyang ndi Shenzhen, a chaka chimodzi amatha kusiyana kukula kwa manambala a chaka kapena kawalidwe ka m'mphepete, ndipo osonkhanitsa amawatenga ngati makobidi osiyana okhala ndi mitengo yosiyana. Mu 2016 dziko la China lidasiya kuyesa ndi aunsi n'kuyamba kusula khobidili pa magalamu 30. Wogula Panda la 2016 kapena la pambuyo pake poganiza kuti ndi aunsi yathunthu amaluza galamu imodzi pa khobidi lililonse.

Kachizindikiro kakang'ono kamatha kusintha mtengo kwambiri. Mu 1995 fakitale ya West Point ku America idasula makobidi a Silver Eagle a proof 30,125 okha okhala ndi chilembo cha W. Siliva wake ndi wofanana ndi wa anzake onse, koma mu 2013 limodzi lopanda chilema chilichonse lidagulitsidwa pamtengo woposa madola 86,000.

Motero khobidi la siliva limakhala ndi mitengo itatu: ndalama yolembedwapo, mtengo wa chitsulo chake, ndi mtengo womwe osonkhanitsa angapereke potengera kusowa kwake ndi m'mene lasungidwira. Woyambawo kawirikawiri ndi wongolemba. Ku Britain, fakitale ya Royal Mint idayamba kugulitsa makobidi a siliva a mapaundi 20 pamtengo womwewo mu 2013, koma ogula ena atapita nawo kubanki adawabweza, pakuti mabanki ndi masitolo sakakamizidwa kulandira makobidi achikumbutso.

Makobidi a Malawi ndi a maiko oyandikana nawo

Dziko la Malawi lili ndi makobidi ake a siliva ngakhale a Malawi ambiri sadawaonepo. Mu 1974 kudatuluka khobidi la K10 lokumbukira zaka 10 za ufulu wodzilamulira, ndipo mu 1975 kudatulukanso lina la K10 lokumbukira zaka 10 chiyambireni ntchito za Reserve Bank of Malawi. Mu 1978 dziko lino lidalowa nawo m'ndondomeko ya maiko ambiri yosula makobidi othandiza ntchito yoteteza nyama zakutchire. Khobidi la siliva la K5 lidali ndi mbidzi, la K10 lidali ndi mphalapala, ndipo la golide la K250 lidali ndi nyala, nyama yomwe anthu a m'chigwa cha Shire amaitcha boo. Mbali inayo kudali nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda. Dziko la Zambia lidatulutsa ake a ndondomeko yomweyo mu 1979.

Lero K10 siingagule kanthu, koma siliva wa m'khobidi la mphalapala ndi pafupifupi aunsi yathunthu. Apa ndi pomwe pali chiopsezo. Mtengo wa chitsulo ukakwera kwambiri, wamalonda saonanso chifukwa chodikira wosonkhanitsa yemwe angabwere chaka chamawa, amangopereka khobidilo kwa osungunula. Makobidi a maiko ang'onoang'ono, omwe osonkhanitsa ake ndi ochepa, ndiwo amayamba kulowa mung'anjo, ndipo poti adasulidwa ochepa, lililonse losungunulidwa limachepetsa zotsala za mbiri ya dziko.

Mbiri ikuonetsa kuti kusungunula kumatha makobidi ochuluka zedi. Potsatira lamulo la Pittman Act la 1918, boma la America lidasungunula makobidi a dola imodzi oposa 270 miliyoni n'kugulitsa siliva wambiri kwa Britain, yomwe inkamufuna ku India. Kumayambiriro kwa 1980, pamene abale awiri a ku Texas, Nelson Bunker Hunt ndi William Herbert Hunt, adagula siliva wochuluka mpaka mtengo kufika pafupi ndi madola 50, anthu ankaima pamizere kukagulitsa makobidi, masipuni ndi mbale za makolo awo. Pa 27 Malichi chaka chomwecho mtengo udagwa kufika pafupi ndi madola 11, koma zosungunulidwazo sizikadabwereranso.

Pali gulu linanso la makobidi lomwe limafuna kusamala: omwe makampani akunja amasula m'dzina la dziko lina. Kachilumba ka Niue, komwe anthu ake safika 2,000, dzina lake limapezeka pamakobidi ambirimbiri okhala ndi zithunzi za m'mafilimu, ndipo boma lake limalandirapo kangachepe. Khobidi la njovu lotchuka ku Ulaya lidatuluka m'dzina la Zambia, lolembedwa 5,000 kwacha, kuyambira 1999 mpaka 2003, ndipo kuyambira 2004 lidayamba kutuluka m'dzina la Somalia. M'dzina la Malawi mudatulukanso makobidi ambiri ogulitsidwa kunja, kuphatikizapo la K50 la 2010 lokhala ndi springbok, nyama yomwe siipezeka m'nkhalango za dziko lino.

Malonda otere amatha kubweretsa ndalama zakunja, koma amagwiritsa ntchito dzina ndi chizindikiro cha dziko. Malinga ndi malamulo, Reserve Bank of Malawi yokha ndiyo ili ndi mphamvu zotulutsa ndalama za dziko lino, kotero ndi yokhayo yomwe ingatsimikizire wogula ngati khobidi lolembedwa kwacha ya Malawi lidavomerezedwa. Banki yaikulu iliyonse ikamasindikiza mndandanda wa makobidi achikumbutso omwe idavomereza, pamodzi ndi chaka, kulemera ndi chiwerengero chake, imateteza ogula komanso dzina la dziko.

Kutulutsa makobidi mopanda malire kumaphanso msika wake womwe. Dziko la America lidatulutsa khobidi lake loyamba lachikumbutso mu 1892, koma pofika m'zaka za m'ma 1930 mabungwe ankapempha makobidi pa chochitika chilichonse n'cholinga chongopeza ndalama, mpaka nyumba ya malamulo idalowererapo mu 1939. Vutoli litabwereranso, lamulo la 1996 lidakhazikitsa malire a ndondomeko ziwiri zokha pachaka. Koma ntchitoyi ikayendetsedwa mwadongosolo imapindula: makobidi a 1986 okumbukira zaka 100 za chipilala cha Statue of Liberty adapeza madola oposa 80 miliyoni okonzera chipilalacho ndi malo a Ellis Island.

Kabokosi ndi chikalata

Anthu ambiri akalandira khobidi lachikumbutso amalitulutsa m'kabokosi kuti aligwire, ndipo kabokosiko ndi chikalata chake amataya. Kwa osonkhanitsa, khobidi la proof lopanda kabokosi ndi chikalata ndi katundu wosakwanira, ndipo mtengo wake umatsika.

Chitsanzo chodziwika bwino chidachokera kuboma. Mu 1964 akuluakulu a nkhokwe ya chuma cha America adapeza kuti m'zipinda zawo mudatsala makobidi a siliva a dola imodzi pafupifupi 3 miliyoni, ambiri mwa iwo osulidwa ku Carson City m'zaka za m'ma 1880 ndipo osagwirako ntchito. M'malo mowatulutsa pamtengo wa dola imodzi, boma lidawasunga n'kupereka ntchito yowagulitsa ku nthambi ya General Services Administration. Nthambiyi idaika khobidi lililonse m'chikuto cholimba cha pulasitiki ndi m'kabokosi kokhala ndi chikalata, ndipo malonda omwe adachitika pakati pa 1972 ndi 1980 adapezetsa boma madola oposa 100 miliyoni. Amalonda ambiri adaphwanya zikutozo poziona ngati zongodya malo. Masiku ano khobidi lomwe likadali m'chikuto chake choyambirira limagulidwa mokwera kuposa linzake lofanana nalo lomwe lidatulutsidwa, chifukwa chikutocho ndi umboni wa komwe lidachokera.

Nkhokwe zomwezo zidaphunzitsanso kuti kusowa kwa khobidi kumatha kutha tsiku limodzi. Khobidi la dola la 1903 losulidwa ku New Orleans linkagulidwa madola 1,500 chifukwa ankaliyesa losowa, koma matumba ake atatulutsidwa m'nkhokwe mu 1962 mtengo udagwa kufika pafupi ndi madola 30.

Pofuna kuthetsa mikangano ya pakati pa wogula ndi wogulitsa, kudabadwa makampani oyesa makobidi, monga PCGS yomwe idayamba mu 1986 ndi NGC ya 1987. Makampaniwa amatsimikiza ngati khobidi ndi lenileni, amalipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 70 potsata muyeso womwe William Sheldon adakonza mu 1949, kenaka amalitsekera m'chikuto chokhala ndi nambala yomwe wogula angaifufuze pa intaneti. Kusiyana kwa 69 ndi 70 diso wamba silingakuone, koma pamakobidi ena kumachulukitsa mtengo kangapo.

Kasungidwe kake

Siliva sachita dzimbiri ngati khasu, koma amathimbirira. Akakumana ndi mpweya wokhala ndi sulufule amayamba kuoneka wachikasu, kenaka wofiirira, mapeto ake amada. Sulufuleyo amachokera ku zinthu zopezeka m'nyumba ndi m'ofesi iliyonse: malabala omangira ndalama, nyuzipepala, maenvulopu wamba, makatoni, nsalu za ubweya, utsi wa makala, ngakhalenso mazira ndi anyezi. Chinyezi ndi kutentha zimafulumizitsa kuthimbiriraku, kotero nyengo yamvula komanso madera a m'mphepete mwa nyanja ndi achinyezi monga Mulanje ndi Thyolo ndi ovuta kwambiri kusungirako siliva.

Pulasitiki si yonse yomwe ili yabwino. Timatumba tofewa topangidwa ndi PVC timatulutsa mankhwala omwe pakapita nthawi amasiya utoto wobiriwira wonanda pakhobidi, ndipo ukakhalitsa umadya chitsulo n'kusiya timaenje tosachotseka. Zoyenera ndi tizikuto tolimba ta acrylic kapena timatumba ta polyester. Khobidi lomwe lidabwera m'chikuto chake kuchokera kufakitale lisatulutsidwemo popanda chifukwa.

Pogwira khobidi, akatswiri amagwira m'mphepete mokha, atavala magolovesi a thonje kapena a nitrile, ndipo pansi amayalapo nsalu yofewa kuti likapulumuka lisabudulike. Thukuta la m'zala lili ndi mchere ndi mafuta, ndipo chidindo cha chala chikakhalitsa pakhobidi la proof chimalowerera osachokanso. Kulankhula kapena kupumira pakhobidi kumasiya timadontho ta malovu tomwe pambuyo pake timasanduka timawanga.

Malo osungira ayenera kukhala ouma ndi ozizira, ndipo chinyezi chisapitirire theka pa muyeso wake. Timapaketi ta silica gel, tonga tomwe timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi m'mabotolo a mankhwala, timathandiza kuyamwa chinyezi koma timafunika kusinthidwa kapena kuumitsidwanso. Makabati ena achitsulo osagwira moto amasunga chinyezi m'kati mwake, kotero makobidi oikidwamo ayenera kuyenderedwa pafupipafupi.

Chomwe chimaononga makobidi ambiri ndi kuwatsuka. Pakhomo pamene mbale ndi mapoto zimakwechedwa ndi phulusa, mchenga kapena sitiliwulu, n'zosadabwitsa kuti munthu akaona khobidi lakuda amafuna kuliwalitsa, mwina ndi mankhwala otsukira mano kapena madzi a mandimu. Koma siliva ndi wofewa. Kupukuta kulikonse kumasiya timizere tambirimbiri ndipo kumachotsa kuwala komwe khobidi lidachoka nako kufakitale. Makampani oyesa aja sapereka malikisi ku khobidi lotsukidwa, amangolembapo kuti lidatsukidwa, ndipo nthawi zambiri limatsala ndi mtengo wa chitsulo chokha. Khobidi lothimbirira mwachilengedwe silitaya mtengo motero, ndipo ena amalikonda kuposa lowala.

Pali vuto lina lomwe mwini khobidi sangalipewe: timawanga toyera ngati mkaka tomwe timatuluka pamakobidi a siliva woyengeka kwambiri patapita miyezi kapena zaka, ngakhale ali m'chikuto chotsekedwa. Gwero lake ndi zotsalira za mankhwala otsukira chitsulo kufakitale. Fakitale ya Royal Canadian Mint, yomwe makobidi ake ankadandaulitsa kwambiri pa vutoli, idayamba kugwiritsa ntchito njira yotchedwa MintShield mu 2018 pofuna kulichepetsa.

Makobidi achinyengo

Mtengo ukakwera, achinyengo nawo amachuluka. Makobidi abodza amapangidwa ndi mkuwa, zinki kapena chitsulo wamba n'kukutidwa ndi siliva pamwamba, ndipo ena amabwera ndi mabokosi, zikalata ndi zikuto zabodza zomwe. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali njira zosavuta zoyesera. Siliva sakokedwa ndi maginito, kotero khobidi lomatirira kumaginito ndi labodza, ngakhale kusamatirira pakokha si umboni wokwanira. Sikelo yoyeza tizigawo ta galamu ndi chipangizo choyezera kukula zimagwira ambiri, pakuti siliva ndi wolemera kuposa mkuwa koma wopepuka kuposa mtovu, ndipo n'kovuta kuti khobidi labodza lifanane ndi lenileni pa kulemera, kutambalala ndi kukhuthala nthawi imodzi. Silver Eagle lenileni limalemera magalamu 31.1 ndipo ndi lotambalala mamilimita 40.6, pomwe Maple Leaf ndi lotambalala mamilimita 38. Mafakitale nawo adawonjezera zizindikiro zovuta kukopera: Canada idaika timizere tosaoneka bwino ndi kachizindikiro kojambulidwa ndi laser pa Maple Leaf mu 2014, ndipo Britain idaika zizindikiro zinayi zatsopano pa Britannia mu 2021. Njira yodalirika kuposa zonse ndi kugula kwa wogulitsa wovomerezeka ndi kusunga lisiti. Khobidi logulitsidwa pamtengo wotsika kuposa wa siliva wake ndi lokayikitsa.

Zofunika kuziganizira

Kugwa mphamvu kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kudachititsa anthu ambiri olandira malipiro a pamwezi kuganizira zosungira chuma m'zinthu zomwe sizitsika pamodzi ndi ndalama. Ku Zimbabwe, banki yaikulu idatulutsa khobidi la golide la Mosi-oa-Tunya mu Julaye 2022 ndi cholinga chomwechi. Koma siliva sapereka chiwongoladzanja, mtengo wake umakwera ndi kugwa mofulumira kuposa wa golide, ndipo wogula pamwamba amatha kudikira nthawi yaitali. Yemwe adagula mu Januwale 1980 adadikira zaka 31 kuti mtengo ufikenso pomwe adagulira, osawerengera kukwera mitengo kwa zinthu. Khobidi lachikumbutso limagulidwanso pamtengo woposa wa chitsulo chake, ndipo ndalama yowonjezerayo siibwerera ngati palibe wosonkhanitsa wolifuna. M'dziko lopanda msika wokhazikika wa makobidi, wogulitsa amalandira zomwe wogula mmodzi yemwe wapezekayo wanena.

Kwa ogwira ntchito m'boma nkhaniyi ili ndi mbali ina. Makobidi a siliva ndi mphatso yomwe nthumwi za maiko zakhala zikupatsana kuyambira kale. Khobidi la dola lolembedwa 1804, limodzi mwa odula kwambiri padziko lonse, lidasulidwa mu 1834 kuti likhale mphatso ya boma la America kwa mafumu a Muscat ndi Siam, ndipo lomwe lidaperekedwa kwa mfumu ya Muscat lidagulitsidwa madola 7.68 miliyoni mu Ogasiti 2021. Mphatso yomwe lero ikuoneka ngati chokongoletsera patebulo la ofesi ndi katundu wokhala ndi mtengo. Ikaperekedwa ku ofesi iyenera kulembedwa m'kaundula wa katundu wa boma, ndipo kwa akuluakulu omwe lamulo la 2013 limawalamula kuulula chuma chawo, makobidi amtengo wapatali ndi gawo la chuma chomwecho.

Kaundula woyenera amatchula dziko, chaka, ndalama yolembedwa, kulemera, kuchuluka kwa siliva, nambala ya chikalata ndi yemwe adapereka, ndipo amakhala ndi zithunzi za mbali zonse ziwiri. Popanda zimenezi, khobidi lenileni likhoza kusinthidwa ndi labodza ndipo wowerengera katundu wa boma sangazindikire, chifukwa chiwerengero chimakhala chokwanira.

Ntchito yoyamba kwa mabanki aakulu, nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi maunduna m'chigawo chino cha Africa ndi kudziwa makobidi omwe ali m'makabati awo ndi m'mene alili. Yachiwiri ndi kuonetsetsa kuti mtundu uliwonse wa khobidi lomwe dziko lidatulutsa uli ndi chitsanzo chosungidwa bwino kwawo komweko. Makobidi a mbidzi ndi mphalapala a 1978 ambiri adagulitsidwa kunja, ndipo nthawi iliyonse siliva akakwera mtengo, otsalawo amachepa ndipo kuwaombola kumadula.